Bambo Akuseka Patsogolo pa Chigafa

Pretoria
Julaye 2013

Achemwali anga a Fainess,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Vincent ndi ana onse. Kodi chifuwa cha Amayi chija chinalekadi, kapena akungokuuzani kuti chaleka monga mwa khalidwe lawo? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chilibe ulemu. Ndikugona ndi sokosi ngati khanda.

Ndamva kuti mabelo anu anabwezedwanso kuokushoni, ati fodya ndi wonyowa. Pepani. Ogula amenewo angapeze chinyontho ngakhale m'phulusa.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji, popeza Amayi amauza anthu ku Wimbe kuti ndimakonza mawailesi. Lero ndikufotokozerani, chifukwa mwezi uno ntchitoyo yandipweteka.

Bungwe limene ndikugwirako lili ndi kompyuta yakale yosunga masamba a pa intaneti a ntchito zimene ankachita ku Malawi. Yakalamba, ndipo posachedwapa aizimitsa. Podikira kusamutsa katundu wake, anandiuza kuti ndiike ina patsogolo pake, imene ife timaitcha pulokisi. Ntchito yake ndi ya nkhoswe. Mlendo salankhula ndi nkhalambayo maso ndi maso; amauza nkhoswe, nkhosweyo nkuzungulira kuseri kukamutengera tsamba limene akufuna. Koma pa tsamba lililonse pali malinki, timawu tija mukatidina timakutengerani kwina, ndipo onse amaloza ku nyumba yakale. Ine ndiye ndimaphunzitsa nkhoswe kuwalembanso ili m'njira, kuti aziloza khomo latsopano. Sukulu yonse ija Bambo anaisokera fodya, mapeto ake ndine wolozera anthu njira.

Vuto lina ndi lakuti masambawo anasungidwa mwa kachitidwe ka makompyuta a nthawi imeneyo, pomwe nkhoswe yanga imawerenga mwa lero. Zilembo zina zimatuluka ngati papalasa nkhuku, timabokosi ndi timafunso tokhatokha. Ndiye ndimatsegula tsamba limodzilimodzi kuona ngati lachira.

Umu ndi m'mene ndinawapezera Bambo.

Achemwali, ali pa tsamba la chaka chachiwiri cha makuponi. Aima patsogolo pa chigafa chathu chija chisanagwe, fodya ali lende kumbuyo kwawo. Avala jekete la kutchalitchi ngakhale dzuwa likuoneka kuti linali loswa mutu. Dzanja lili pa thumba la fetereza. Ndipo akuseka, kuseka kwawo kuja kotseka maso. M'mphepete mwa chithunzi mukuoneka chigongono ndi kansonga ka chitenje cha Amayi. Wojambula anawadula, mwina chifukwa sanali mbali ya pulojekiti. Ndinanyamuka pa desiki kukaima panja. Mnzanga wokhala naye pafupi anandifunsa ngati ndadya zoipa, ine ndinavomera.

Mawu a pansi pa chithunzi anali ophwanyikaphwanyika. Ndinaiuza nkhoswe kawerengedwe koyenera, zilembo zonse nkubwerera m'malo mwake. Ndikanadziwa ndikanazisiya choncho. Alemba m'Chingerezi kuti a Simeon Mwale akuthokoza boma ndi onse akufuna kwabwino chifukwa cha ndondomeko yosintha miyoyo ya alimi ang'onoang'ono. Bambo athu amenewo! Chaka chimenecho si chija anagawana thumba limodzi ndi amalume, poyeza ndi ndowa, nkumati fetereza wake ngwothira ndi kasupuni ngati shuga wa kwa apongozi? Munthu wothokoza boma saseka chomwecho.

Koma pansi pake panali linki yakuti mverani mawu a mlimiyu. Anawajambula akulankhula.

Inu mukudziwa kuti liwu la Bambo tilibe paliponse. Anatisiya mafoni ojambula asanafike kwathu. Ine zimene ankanena ndimazikumbukira, koma ndikamaziganiza masiku ano zikubwera ndi liwu la amalume. Sindinauzepo munthu zimenezi.

Ndinadina. Zii. Ndinati ndi nkhoswe yanga yalakwitsa, ndipo ndinakondwa ndithu, chifukwa cholakwa changa ndimatha kuchikonza. Ndinaitsegula linkiyo kuona mkati mwake. Sinkaloza ku kompyuta yakale ija, kapena ku ina iliyonse ya bungwe. Inkaloza mu laputopu ya munthu amene anakonza tsambalo, mufoda ya dzina lake. Iyeyo akadina pa desiki pake Bambo ankalankhula bwinobwino, ndiye anaganiza kuti dziko lonse likuwamva. Mawuwo sanatuluke m'chikwama mwake ngakhale tsiku limodzi. Ndi kulakwitsa kwa ongoyamba kumene ntchitoyi, kumene ife timasekana nako pa tiyi.

Linki yoloza ku nyumba yakale ndimailembanso. Nanga yoloza m'chikwama cha munthu ndiiloze kuti?

Ndinamusaka munthuyo mpaka ndinamupeza. Nthawi imeneyo anali wongodzipereka wochokera ku Ulaya, pano anabwerera kwawo. Anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti laputopuyo inafa kalekale ndipo anaitaya. Anati akumukumbukira mdala wa ku Kasungu amene anamuseketsa womasulira mpaka kugwira m'mimba, koma womasulirayo anakana kumasulira, ati zimenezo si zolemba. Mawu othokoza aja wa laputopuyo anangowapeka yekha ali m'galimoto pobwerera.

Abwana anga anati linki yakufa imanyozetsa tsamba, ndiichotse. Ndinaichotsa. Unali mzere umodzi wokha, ndipo palibe anazindikira kuti pachoka kanthu.

Tsono pempho langa ndi ili. Chithunzicho ndachisindikiza, chili momwe muno. Musawapatse Amayi pali anthu, mudikire tsiku limene muli awiri pokonola chimanga. Akachiona nkupuma, muwafunse kuti Bambo ananena chiyani tsiku limenelo. Amayiwo anaima pomwepo, chigongono chawo ndi mboni. Akakumbukira musalembe papepala ayi. Mubwereke foni ya alamu muwajambule akunena, chifukwa Amayi akamasimba za Bambo amawatsanzira mpaka kakhosomole kawo kaja koyambira nkhani. Pamenepo ndi pokhapo patsala liwulo. Akakana kapena akayamba kulira, musawakakamize, ndingadikire.

Mukajambula, munditumizire ine, mutumizirenso Lusiya ku Nkhamenya, ndi wina aliyense wa kwathu amene ali ndi foni. Chonde, zisakhale m'chikwama cha munthu mmodzi.

Mundiperekere moni kwa amalume, koma za liwu zija musawauze, angayambe kudzimva. Moni kwa azakhali ku Simlemba, kwa alamu anga, kwa mchemwali wathu wamng'ono Lusiya, ndi kwa adzukulu a Amayi onse, oyenda ndi okwawa omwe. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti sananamize anthu kwenikweni: mwana wawo amakonzadi mawailesi. Iyi yokha ndiyo yandikanika.

Tsalani bwino,
ndine mlongo wanu,
Sankhani