Thirakitala ya Mkamwini

Lolemba, 3 Novembala 1952, Rivirivi

Yakana kulira. Thirakitala yanga ija ya matayala awiri, yoyenda nayo pambuyo utagwira zigwiriro. Ndi yakale inde, koma ku esiteti ya fodya sinkavuta, ndipo mzungu pobwerera kwawo anagulitsa kwa ine chifukwa woisamala ndinali ine. Lero kukulunga chingwe, kukoka, zii. Kukokanso, zii. Mudzi wonse uli pomwepo kudzaonerera. Manyazi ake!

Ndaviika kamtengo m'thanki, kabwera kouma. Chitsekerero n'chong'aluka, petulo yense anauluka ndi dzuwa la Okutobala. Ndanena mokweza kuti aliyense amve: palibe chawonongeka, yangosowa mafuta basi.

Alamu anga a Yoram, achimwene ake a mkazi wanga Scholastica, eni mbumba pamudzi pano, akuti: "Mkamwini amabwera ndi khasu, osati chigayo." Anthu kuseka. Kenako andiitanira pambali, osasekanso. Akuti mvula ikapeza munda wa apongozi wosalima, ndipinde mphasa yanga ndiwoloke Shire kubwerera kwathu ku Kasupe. Scholastica ali ndi pakati, masiku ake ayandikira. Mwana wanga woyamba. Ine ndichoke chifukwa cha khasu? Tiona.

Lachitatu, 5 Novembala

Ku Balaka wapansi, chigubu paphewa. Petulo ndapeza kwa mmwenye. Pulagi yatsopano, yothethetsa moto mu injini, alibe, akuti idzabwera pa sitima ya ku Limbe. Liti? Akuti Mulungu adziwa.

Pobwerera ndakumana ndi apongozi panjira ya kumtsinje. Iwo kupatukira kutchire, nsalu kumaso, ine kupatukira mbali inayi, monga mwa mwambo. Chikwatire sitinalankhulanepo, zonse zimadzera mwa Scholastica. Zimene amaganiza za ine sindidziwa. Kapena n'zomwezo za mwana wawo Yoram.

Ndathira petulo. Thanki yadzaza msanga, m'chigubu mwatsala wambiri. Ndadabwa pang'ono, koma miyendo ikuphwanya. Mawa.

Lachinayi, 6 Novembala

Yatsokomola. Mtima wanga phaa, ndimati basi tapulumuka. Utsi woyera tolo, kafungo kachilendo, kenako zii.

Ndamasula pulagi. Yonyowa, yakuda, yomata m'zala. Ndaiwotcha pa makala, ndaipala ndi mpeni. Kuigunditsa ku chitsulo n'kukoka chingwe, moto ukutuluka wabwinobwino. Ndinagwira waya mosasamala, yandimenya mpaka m'chigongono. Ndiye kuti maginito, opanga motowo, ali moyo. Sefa ya mpweya ndatsuka. Moto ulipo, mpweya ulipo, petulo alipo. Nanga ukufuna chiyani iwe chitsulo, ndikuphere mbuzi?

A Yoram podutsa ndi khasu lawo paphewa: "Odwala agona bwanji, alamu?" Ndikanayankha bwenzi pano tili pa mlandu.

Loweruka, 8 Novembala

Mitambo yakuda kumapiri a kwathu. Anzathu onse mizere anamaliza, munda wa apongozi wokha uli thengo. Scholastica akuti: "Bambo, tengani khasu mulimeko pang'ono, anthu aone." Iyayi. Ndikagwira khasu lero ndiye kuti Yoram wapambana, ndidzakhala choseketsa mpaka imvi.

Masana ndamasula kambale ka pansi pa kabuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya. Ndimayembekeza petulo. Mwatuluka zinthu zolemera, zonanda ngati uchi. Kununkhiza: nsatsi! Kutsegula paipi ya pansi pa thanki, zomwezo, zikuchucha pang'onopang'ono. Petulo wanga akungoyandama pamwamba.

Asa! Mafuta a nsatsi ali ndi miyendo? Analowa okha? Ndani sadziwa ntchito yake, si omwewa amasungunulira mankhwala m'nsupa? Wina wafuna kuimanga thirakitala yanga kuti mvula indipeze, andipirikitse, mwana wanga abadwe ine kulibe. Ndipo winayo ndikumudziwa.

Lamulungu, 9 Novembala

Pochokera ku mapemphero anthu anasonkhana pabwalo. Ndabwera ndi chitini cha zonandazo, ndayendetsa pamphuno pa aliyense. Ndanena ndi mawu onse kuti amene wathira izi ndi mfiti, galu wopanda manyazi, ndipo manja amene anagwira nsupayo aume. Maso anga ali pa Yoram. Iye kukamwa yasa, ngati sakudziwa kanthu. Amatha sewero munthu uja.

Kuseri kwa nkhokwe wina anayamba kulira chapansipansi, amayi n'kuthamangira komweko. Ine ndabwerera kunyumba mtima utapepuka. Wamva wamva.

Lolemba, 10 Novembala

Mayo ine.

Scholastica chidzulo osandiyankhula. Lero m'mawa waima pakhomo: "Munanena nokha pabwalo kuti yasowa mafuta. Mayi anamva."

Ndi apongozi. Anathira Lachitatu, ine ndili ku Balaka. Nsupa yonse imene anasinja ndi kuphika chilimwe chino, yosungira kudzoza mwana wanga akabadwa. Anakhuthulira m'thanki kuti mkamwini wawo asapirikitsidwe. Sanauze ngakhale mwana wawo, akuti ndingachite manyazi kuthandizidwa ndi apongozi, bola ndiyese kuti yachira yokha.

Koma abale, chilankhulo chathuchi! Petulo ndi mafuta, palafini ndi mafuta, oyilo ndi mafuta, odzola ndi mafuta, ngakhale amene abambo mfumu amadzoza odwala ndi mafuta. Munthu wamkulu uja akanadziwa bwanji? Bwanji sanafunse? Akanafunsa ndani, poti ine ndi iwo tikaonana timathawana ngati adani? Anayambitsa mwambo umenewu ndani, ndikufuna ndimuone. Mawu amodzi okha panjira ya kumtsinje paja, zonsezi kukanakhala kulibe.

Ndipo ndinati manja aume. Manja awo amanjenjemera kale.

Ndimafuna kukagwada pakhomo pawo. Akuti sizitheka, mkamwini safika pamenepo. Kutukwana kunatheka pamaso pa mudzi wonse, kupepesa ndiye koletsedwa! Ndatuma Scholastica. Wabwerako akuti mayi sakutuluka m'nyumba, sakudya.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndatsuka thanki ndi petulo wotsala uja. Paipi ndauzira ndi pakamwa mpaka milomo kuwawa. Kabuleta ndamasula yense, timabowo ndatokosa ndi kawaya ka sefa. Kukulunga chingwe, kukoka, yalira! Yalira bwino kuposa ku esiteti. Nkhuku balala.

Ndaiyendetsa mpaka kumunda. Ndapeza Yoram ataima pamalire, manja atatambasula. Akuti chitsulo cha munthu amene watchula mayi ake mfiti sichikhudza dothi lino. Ine mutu utatentha ndati: "Alamu, sindimanena mayi, ndimanena inu!"

Pakamwa panga ine. Anthu amene anali m'minda yoyandikana amva onse.

Ndati chabwino, ndipatseni khasu ndilime ndi manja. Akuti ngakhale khasu iyayi. Thirakitala ili pambali ikungolira, kutha petulo. Ndaizimitsa ndekha.

Loweruka, 15 Novembala

Ankhoswe akumana. Wanga, atsibweni anga a Hilary, abwera kuchokera ku Kasupe, fumbi mpaka m'maondo. Yoram akuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu wa ku Boma, koma iwo ndi anthu achifundo, sakandisumira. Ndingopita kwathu mpaka mitima itazizira. Achifundo! Izizira liti mitimayo, palibe wanena. Atsibweni apereka nkhuku, a Yoram akana. Atchula mbuzi, akana.

Chondipsetsa mtima n'chakuti mwini wake wotukwanidwayo palibe wamufunsa. Apongozi ali m'nyumba, chitseko chotseka, amuna akuwayankhulira panja. Munthu amene anataya nsupa yake yonse kuti ndikhale, angafune ndichoke? Ndafunsa zimenezi. Akuti mkamwini sayankhula pa bwalo la eni mudzi.

Yoram anafuna zimenezi chiyambire. Nsatsi sanathire, ndavomera, koma wakolola ndi iye.

Scholastica atsala, ndi kwawo. Tili chikhalire pabwalo mvula yayamba.

Lachiwiri, 18 Novembala, Liwonde

Kudikira chombo chowolotsa. Matope mpaka m'matayala. Asodzi azungulira thirakitala, akufunsa ngati imalimadi. Imalima. Ingolima kuti?

Potsanzikana Scholastica sanalire. Anangogwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake. Kamwana kanali kukankha.

Lachinayi, 4 Disembala, Kasupe

Kwa achemwali anga. Munda wawo uli paphiri, miyala yokhayokha, khasu la thirakitala lingathyoke tsiku lomwelo. Ili pansi pa mango, ndaifunditsa masaka. Ndikaikoka imalira nthawi yomweyo, yopanda manyazi.

Ndapemphapempha nsatsi kwa amayi a pamudzi. Ndakazinga, ndasinja ndekha mumtondo, ndaphika, ndayengula. Akazi kudzaonerera mwamuna wa ndevu zake akusinja, kuseka mpaka kugwirana. Asekeni. Achemwali akuti ndapsereza, mafuta ada. Ada inde, koma ndi mafuta. Botolo ladzaza. Atsibweni avomera kukapereka ku Rivirivi. Ndawauza kuti likafike m'manja mwa apongozi, osati mwa wina. Poti pakamwa sitiloledwa, botolo likanene.

Lachisanu, 19 Disembala

Atsibweni abwerako. Botolo lili m'thumba mwawo, chitsekerero momwe ndinatsekera. Yoram anawachingamira kunja kwa mudzi, akuti mafuta a kwa ine m'mudzi mwake salowa. Apongozi sanalione n'komwe, sakudziwa kuti linabwera.

Munda analima okha abale, chimanga chamera.

Mwana anabadwa sabata yatha. Wamwamuna. Scholastica ali bwino. Palibe anatuma munthu kudzandiuza, ndikumvera m'njira ngati nkhani ya eni ake.

Ndati chabwino, mawa ndinyamuka, andimenye andimange, ndikatchule dzina la mwana wanga. Dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna, ngakhale Yoram akudziwa zimenezo. Atsibweni angoyang'ana pansi. Akuti ndisavutike, anatchula kale.

Ndafunsa kuti dzina lake ndani.

Akuti Yoram.