Zimene Bambo wa pa Mlatho Ankanena

Gulu: m'nyumba mwathu (Amayi, Achemwali, Mzime)

LACHITATU

Amayi 08:12
[mawu 0:31] Mzime, wadzuka? Adokotala ati abambo ako atuluka Loweruka. Deki ya vidiyo ija ikhale itakonzedwa. Akangofika ndikufuna tiwaikire filimu yathu ya pa mlatho. Poti sitiroko yawatseka pakamwa, womasulira ukhala iwe. Kusukulu unapita, usandiuze zambiri.

Mzime 08:15
[mawu 0:05] Ndamva amayi, ndili m'njira kupita kwa okonza.

Mzime 10:40
achemwali mulipo?

Mzime 10:41
deki yatheka. mkati apezamo mphemvu ziwiri ndi batani la malaya. tepi inatafunidwa pang'ono koma aimata

Achemwali 10:58
ok. ndili pa wodi, akuwasambitsa

Mzime 10:58
pali nkhani. ndikuimbireni?

Achemwali 10:59
pano salola. lemba

Mzime 10:59
amayi ali m'gulu momuno

Achemwali 11:00
amayi anawerengapo liti uthenga? amangodina za mawu. lemba msanga

Mzime 11:04
chilankhulo cha mufilimu ija ine sindichidziwa, inunso simuchidziwa. abambo okha ndi amene ankati anachiphunzira kwa bwana wawo nthawi imene ankagwira mushopu yobwereketsa matepi. ndiye ndimasulira bwanji? okonza aja andilozera kwa mkulu wina pamwamba pa shopu yawo, amagulitsa mafilimu akale

Mzime 11:06
kachipinda kake achemwali. mashelefu mpaka kudenga, zenera latsekedwa ndi makatoni, fungo la fumbi ndi pulasitiki. mkuluyo amakhala pakati ngati akulondera chinachake

Achemwali 11:07
fika pa nkhani iwe

Mzime 11:10
dzina la filimu sindinalidziwe, pa tepi abambo anangolemba kt YA MLATHO, OSABWEREKETSA. ndangofotokoza: yopanda mitundu, kuli chifunga, msilikali ndi mwana wamkazi wa wosula mabelu. mkulu uja wamaliza yekha nkhani yonse. akuti ndi nthano yakale ya dziko lakutali, inalembedwa m'buku, ndipo mafilimu ake alipo anayi. yathu ndi yoyamba. ali ndi dvd yake ya mawu a chingerezi pansi

Achemwali 11:11
ndiye zatheka. vuto?

Mzime 11:11
ndaonera pomwepo pa ka tv kawo

Mzime 11:12
abambo chilankhulo chija sachidziwa

Mzime 11:12
olo liwu limodzi

Achemwali 11:20
wayambapo. chaka chatha unati aneba ndi kazitape chfkw amatseka makatani masana kkkk

Mzime 11:21
aja ndimawakayikirabe. koma izi ndaziwerenga ndi maso anga

Mzime 11:25
mukukumbukira pa mlatho paja, msilikali atagwira hatchi, akuyankhula mphindi zinayi osapuma? paja amayi amatiuza kt tikhale chete? sakumufunsira. akumusiya. akuti wapeza mkazi wa kunyumba ya mfumu, ndiye abweze mphete

Achemwali 11:26
bodza

Mzime 11:27
ndi belu la kumapeto lija, abambo amati mayiyo akuliza kt mwamuna wake apeze njira m'chifunga. ayi. akudzutsa adani kt akamugwire

Achemwali 11:41
mwina dvd yo ndi imene yalakwika. zogula pamwamba pa mashopu izi

Mzime 11:43
ndinaterotu inenso. mkulu uja watulutsa buku lake lopanda chikuto, wandiwerengera tsamba lomwelo. kenako wandifunsa kt ndikulira chani, ndati fumbi

Achemwali 12:30
ndakhala ndikuwayang'ana abambo. agona, dzanja lamanzere lagwira bulangete. munthu amene kunyumba amayankha ndi mutu basi. ankazitenga kuti zonse zija?

Mzime 12:31
mwina anali ndi chibwenzi chakale, mawu aja anali a iyeyo

Achemwali 12:31
mzime

Mzime 12:32
sorry

Achemwali 12:35
tamvera. amayi asadziwe. filimu ija ndi imene anaonera tsiku limene anakumana, amaionera chaka chilichonse. ndiye uwauze pamaso pa abambo kt zonse zinali zopeka, abambowo sangathe ngakhale kudziyankhira? loweruka ungonena zimene abambo ankanena. tonse tinaziloweza

Mzime 12:37
chabwino. “ine si munthu wa mawu, koma ndikamva phazi lako pakhomo mtima wanga umakhala pansi”

Achemwali 12:38
si choncho. amati “undikhululukire, ndabwera chimanjamanja, koma usatseke chitseko”

Mzime 12:38
zimenezo sindinazimvepo

Achemwali 12:39
unali kamwana ka mamina, ungakumbuke chani

Mzime 12:40
ine ndaonera nawo kasanu ndili wamkulu kale. za chimanjamanja mulibe

Achemwali 12:52
adzuka. tikambirana

LACHINAYI

Achemwali 12:48
dzulo lonse mutu wanga unali pa mlatho. tandiuza zenizenizo zonse, liwu ndi liwu. ndikufuna ndidziwe chimene tikubisa

Mzime 13:02
ndili mu minibasi, deki ili pamiyendo, dzanja limodzi lagwira chingwe. dikirani

Mzime 13:05
[mawu 1:12] Ndinakopera papepala, tamverani. Msilikali akuti: “Ndinakulonjeza ndili wosauka, lero sindine wosauka. Bweza mphete ya mayi anga, ipita ku chala china. Usanditsatire, usandilembere, ukandiona pamsewu uyang'ane kumbali.” Basi, mphindi zinayi zonse ndi zoterozo. Za phazi pakhomo mulibe, za chitseko mulibe. Abambo ankangopeka, achemwali. Amayi akhala akulirira mawu oti mufilimu mulibe.

Achemwali 13:09
FUFUTA

Achemwali 13:09
iwe fufuta msanga, ndi za mawu izi

Mzime 13:10
[uthenga wafufutidwa]

Mzime 13:10
mayo ine

Mzime 13:11
ndaona kaye ndisanafufute. zikuonetsa kt amvetsera 13:07

Achemwali 13:12
aimbire

Mzime 13:19
katatu. ikungoitana

Mzime 13:21
[mawu 0:09] Amayi, ndi ine. Ndiyankheni, ndikufotokozereni bwinobwino.

Mzime 13:50
[mawu 0:04] Amayi?

Mzime 14:45
ndafika kunyumba. chitseko chokhoma, mashati a abambo ali pa chingwe. ndasiya deki kwa aneba

Achemwali 14:46
kwa akazitape?

Mzime 14:46
musandiseketse pls

Achemwali 17:34
amayi anabwera kuno nthawi yoona odwala

Mzime 17:34
ndiye?

Achemwali 17:39
awadyetsa, awapukuta pakamwa, akonza pilo. zonse mwadongosolo ngati nesi wolembedwa ntchito. kumaso sanawayang'ane ngakhale kamodzi. abambo amawatsatira ndi maso paliponse. potuluka andikokera pakhonde nkundifunsa ngati bwana wa kushopu uja analidi wa kunja. ndati sindikudziwa. akuti anali wa konkuno, ankamuona, koma sanaganizepo

Mzime 17:40
za loweruka anenapo?

Achemwali 17:41
akuti loweruka kulibe filimu. tepi uitaye kapena ukapatse mkulu wako wa pamwamba uja

Mzime 17:42
ndawononga

Achemwali 17:44
ndinakufunsa ndine. ndipo ndine ndinati tilembe m'gulu. chimene chikundipweteka ndi abambo. atatuluka amayi, ayang'ana chitseko mpaka nesi wabwera ndi mankhwala. akudziwa kt china chake chalakwika ndipo sangafunse

Mzime 17:58
tepi sinditaya

Mzime 18:20
achemwali mukuganiza kt munthu akhoza kunama zaka zonsezo koma osanama?

LACHISANU

Amayi 07:06
[mawu 2:54] Nonse awiri mumve, ndipo musandidule. Dzulo ndinakwiya. Zaka makumi atatu ndi zinayi munthu kundipusitsa nditakhala pampando wanga womwe, ine nkumapukuta misozi ndi nsalu. Ndinachita manyazi ngati ndavulidwa pamsika. M'mawa uno ndimasita malaya awo oti adzavale potuluka, ndiye ndayamba kuwerenga zaka. Mawu a pa mlatho aja sanali amodzimodzi. Ine ndinkati akukula, akuiwala. Chaka chimene shopu inatsekedwa, anakhala miyezi isanu osandiuza, ankangodzuka nkumapita. Chaka chimenecho msilikali anati wabwera chimanjamanja, asamutsekere chitseko. Iwe Mzime unabadwa masiku asanakwane, unakhala m'chipatala milungu isanu ndi umodzi. Abambo ako sananene kanthu, ndinawada. Titaika tepi, msilikali anati zinthu zazing'ono zimalimba kuposa zazikulu, usaope. Ine nkumadabwa kuti za mwana zalowa bwanji pa mlatho. Chaka chimene ndinapita kwathu nditanyanyala, nditabwerako ndi pamene kunayamba za phazi pakhomo.

Amayi 07:11
[mawu 0:58] Ndipo mukudziwa chimene ndinkawauza filimu ikatha? Ndinkati inu mukanakhala ngati mwamuna wa pa mlathoyo, osati pakamwa ngati anamatapo. Chaka ndi chaka ndinkawauza zimenezo. Iwo nkungodzuka, kutulutsa tepi, kuiika m'chikuto.

Mzime 07:13
[mawu 0:11] Amayi pepani. Sindinafune kuti mumve choncho.

Amayi 07:20
[mawu 0:22] Kupepesa usiye, unabadwa ndi pakamwa potsegula, sunatengere abambo ako. Ndikufunse. Msilikali akamaliza, mayi uja amayankhula, milomo imayenda nthawi yaitali ndithu. Abambo ako ankamasulira chiyani pamenepo?

Mzime 07:22
[mawu 0:07] Ankangoti, “Akuti wamva.”

Achemwali 07:23
[mawu 0:05] Nthawi yanganso ankatero. “Akuti wamva.”

Mzime 07:25
[mawu 0:13] Zenizeni ndili nazo papepala, amayi. Amamutemberera, amati mtsinje udzamukana. Ndikuwerengereni?

Amayi 07:31
[mawu 0:40] Pepala lakolo usunge. Deki ukatenge kwa aneba, uilumikize lero, uyese ngati ikugwira. Mawa uike tepi yathu yomatayo, osati chimbale chako cha zolemba pansi. Mawu a TV utsitse mpaka pansi. Ukatero, iwe ndi achemwali ako mukakhale kukhitchini.

Mzime 07:32
[mawu 0:04] Nanga womasulira, amayi?

Amayi 07:40
[mawu 0:16] Mbali ya mwamunayo ndinaimva kale, yakwana. Koma mayi uja sanangomva ayi. Ali nazo zoti anene.

Mzime 07:41
achemwali

Achemwali 07:42
ndamva. usalembe ndakatulo. pita ukatenge deki

Mzime 11:15
ikugwira. pomata paja chithunzi chimagwedera pang'ono kenako chimakhazikika

Achemwali 11:30
ndawauza abambo kt mawa kuli filimu. atseka maso nthawi yaitali. sindikudziwa ngati ndi mantha kapena chani

LOWERUKA

Achemwali 13:05
tanyamuka. tsegula geti lonse, njinga yawo ya olumala ndi yaikulu

Mzime 13:06
ndatsegula kale. amayi asintha diresi kawiri

Achemwali 15:10
uli kuti? ketulo yawira

Mzime 15:11
mukolido. ndikufuna chingwe china

Achemwali 15:11
chingwe chili pa chitseko cha pabalaza?

Mzime 15:14
amayi akokera mpando wawo pafupi ndi njinga ya abambo, mbali ya kumanzere. ndikungomva deki ikulira

Achemwali 15:15
choka pamenepo

Mzime 15:52
afika pa mlatho. ndikuona pa kampata, hatchi yaima

Mzime 15:55
msilikali akuyankhula, mawu kulibe. abambo akuyang'ana pansi

Mzime 15:57
amayi ayamba

Achemwali 15:57
akuti chani

Achemwali 15:57
ayi usandiuze

Mzime 15:59
sindikumva nkomwe, akuyankhula motsitsa. abambo adzutsa mutu

Mzime 16:00
ndachokapo. ndakhala pa sitepe ya kuseri

Mzime 16:31
filimu yatha, ndamva tepi ikudzitulutsa yokha

Mzime 16:33
amayi akuyankhulabe

Achemwali 16:34
bwera undigwirire fulasiki ndithiremo tiyiyu. sitilowa panopa