Mapepala a nyumba yanu ndawachotsa kwa bwana

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti nsapato zatha ndi kutumidwa.

Ndalemba za mapepala a nyumba imene abale a malemu alamu akufuna kukulandani. Ndinawapereka kwa bwana wanga loya pa 4 Malichi, ndipo anati awaona sabata yomweyo. Lero ndi pa 27 Epulo, papita masiku 54.

Pa 11 Malichi bwana analemba ntchito mayi wina woti awatchukitse. Mayiyu akuti loya wamakono sadikira milandu, azioneka pa kanema ndi kumveka pa wailesi mpaka anthu amuyese katswiri wa chilichonse. Anabwera ndi nyale ziwiri ndi mabuku 60 a zikuto zofiira oti azioneka kumbuyo kwa bwana pojambula. Ndinawandandalika pa shelefu ndine, ndipo asanu ndi awiri ali m'chinenero chimene palibe amachimva mu ofesi muno. Mafayilo a anthu mayiyo anati akuipitsa chithunzi, ndikawaunjike m'chipinda cha matsache.

Tsopano bwana amatandala pa kalilole, kuphunzira kugwedeza mutu ndi kuvula magalasi pang'onopang'ono. Nkhani za m'nyuzipepala zokhala ndi dzina lawo amalemba ndi mayi uja, iwo amangofunsa ngati tayi yaoneka bwino. Pa kanema aonekera kasanu ndi kanayi, kunena za misonkho, za mpira, ngakhale za mvula. Kukhoti apondako kamodzi. Mlembi wathu akuti tikugwira ntchito ku saluni.

Pa 20 Epulo bwana analankhula pa kanema za amayi amasiye. Anati wamasiye wofika pakhomo pawo sabwerera akulira, mpaka anapukuta m'maso ndi mpango. Ine ndinali pambali nditawagwirira chikwama. M'mawa mwake ndinapeza envulopu ya mapepala anu pansi pa ndowa m'chipinda cha matsache chija, yomatabe mmene ndinaimatira. Nditawakumbutsa, anafunsa ngati mungalole kujambulidwa mukulira pakhonde pa nyumbayo, akuti zingakome pa pulogalamu ya mwezi wamawa. Ndinangoti ndamva.

Khoti linati yankho lanu lifike pasanakwane pa 9 Meyi. Choncho mapepalawo ndawatenga osawauza, ndawaika m'kalata muno. Masamba ndi 14, muwawerenge. Pempho langa ndi limodzi: tsiku lomwe kalatayi yafika, pitani nawo ku ofesi ya maloya othandiza anthu ovutika. Ndikudziwa munauza kale anthu kuti mlandu wanu wagwiridwa ndi munthu wa pa kanema, koma manyazi asakuchedwetseni. Bwana akazindikira mwina ntchito yanga ithera pomwepo, ngakhale ndikukayika ngati akukumbuka n'komwe kuti muli ndi mlandu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Mukapereka mapepalawo mundiuze tsiku lake.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.