Pepala limene amayi sanadinde

Kapata, Chipata

Okondedwa amalume a Alfonsi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ulayako. Kuno mvula yagwa, ku Kasenengwa abzala kale mtedza.

Buku lanu lija linafika. Akuti mwalembamo za malamulo a Aroma akale ndi za ufulu wa odwala masiku ano. Takunyadirani. Ndaliika m'kabati pamodzi ndi pepala la kuchipatala limene amayi anakana kudindapo chala.

Adokotala anafuna kuwachita opaleshoni ya m'mimba Lachiwiri. Amayi anati, "Mwini mbumba ndi mlongo wanga, ndiponso ndiye adziwa malamulo. Ayambe wamva iye." Ndinakuimbirani foni masiku anayi. Mlembi wanu ankangoti muli kumsonkhano, mukukamba za asing'anga a ku Roma amene anafa kalekale. Lachisanu adokotala anati pepalalo silikufunikanso.

Musavutike ndi ulendo, anthu a pamaliro anabalalika kale. Akwaya anaimbako nyimbo imodzi ya Chilatini, imene akanaimva ndinu nokha.

Poti ndinu aphunzitsi, mukapeza mpata mundiyankhe. Kwa Aroma anuwo, mwini mbumba akapanda kuyankha, mlandu unkakhala wa yani?

Ine mwana wa mlongo wanu,
Sesiliya