Musaupopere Mkuyu wa Atate

Matero, Lusaka
9 Okutobala 1978

Okondedwa achimwene a Dingani,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Kodi mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Kuno tili moyo, kungoti sopo ndi mafuta ophikira zikusowa. Mlamu wanu Mwape amalawirira pamzere m'mamawa n'kubwerako masana ndi mchere wokha.

Mukundidziwa kuti sindine wodzitama, koma lero mundilole. Nthambi ija ndinadula pa mkuyu wa atate titaika maliro awo, n'kuibzala kuseri kwa nyumba, inakula ndipo chaka chino yabereka. Pafupi pake pali mkuyu wachizungu umene anandipatsa mphunzitsi mnzanga.

Pali chimene ndinayesa. Kuyunivesite tinawerenga kuti tizilombo tija timapeza tikang'amba nkhuyu nditimene timalowetsa mungu kudzera pa kabowo ka chipatsocho. Ndinakayika ngati buku lolembedwa kutali linganene zoona za mtengo wa kwathu. Choncho ndinang'amba chitenje chakale cha Mwape, n'kusoka timatumba, n'kumangira nkhuyu zina pa mitengo yonse iwiri zikadali zing'onozing'ono kuti tizilomboto tisalowemo. Aneba athu a Bwembya anafalitsa mzere wonse wa nyumba kuti ba ticha ayamba kuveka mitengo malaya, sukulu yawazunguza mutu. Mwina ankanena zoona.

Nkhuyu za atate zomangidwazo zinafota n'kugwa zosapsa. Zosamanga zinapsa bwino, zofiira, zodzaza njere, fungo lake la kumudzi lenileni. Wachizungu uja unalibe nazo ntchito: zomanga ndi zosamanga zomwe zinapsa. N'zotsekemera ndithu, koma njere zake n'zopanda kanthu m'kati, ndipo kwa ine sizifika pa zathu. A Bwembya aja tsopano amabwera ndi mbale, ndipo nkhani yawo yoti mizu ya mkuyuwo ikuwagumulira chimbudzi anayamba aiiwala.

Tsono pempho langa ndi ili. Amalume a Dyton atabwera kuno anandiuza kuti mwatopa ndi tizilombo m'nkhuyu, ndipo mukufuna kupopera mkuyuwo ndi mankhwala otsala a thonje. Chonde achimwene, musatero. Mukapha tizilomboto mwapha nkhuyu, ndipo zochepa zimene zingatsale ana adzatola pansi n'kudya ndi mankhwala omwe. Aphunzitseni kung'amba ndi kuuzira asanadye, monga atate anatiphunzitsira. Ndikudziwa kuti za kumunda mumazidziwa kuposa ine, ndipo ndalemba ndimeyi kangapo poopa kuoneka ngati mwana wolangiza akulu. Koma ichi chokha ndachiona ndi maso anga.

Nthawi zambiri ndimadzifunsa ngati ndinachita bwino kukhazikika kuno. Komabe tizilomboto tinaupeza mtengo wa atate pakati pa malata ndi utsi wa Matero popanda wotilozera njira. Tsiku limene ndinang'amba nkhuyu yoyamba n'kuona takudato tikutuluka, ndinaitana Mwape mokuwa ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake pasiteshoni ya basi. Iye anati chikwatirane sanandimvepo ndikukweza mawu chotero.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Elesi, kwa amalume ndi kwa ana onse. Mwape akuti moni wambiri. Pampu yopopera ija muipachike kaye mpaka thonje lidzamere.

Ndine mng'ono wanu,
Edwell