Chindudu cha Malume m'Galimoto Yanga

Lolemba, 10 Juni 2024

Malume Ezekieli abweza galimoto kuchokera ku Vubwi. Nditangotsegula chitseko ndinabwerera m'mbuyo. Fungo! Akuti mnzawo wa ku Mozambique anawapatsa zindudu zonenepa ngati chinangwa, ndiye amasuta njira yonse mawindo ali otseka chifukwa cha fumbi. Anandipatsa kiyi akuseka: "Uyu ndiye fodya wa mabwana, mphwanga."

Loweruka ndikatenga mkazi wanga Hellen ndi mwana wathu kuchipatala. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, ndipo anesi ananena mobwereza kuti utsi asaumve ngakhale pang'ono. Ndapsa mtima koopsa.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndatsuka mipando ndi sopo, ndawaza soda, zitseko zakhala pululu tsiku lonse padzuwa. Madzulo ndanunkhiza. Fungo lilipobe.

Ndawadandaulira amayi. Yankho lawo ndi lomwe lija: "Malume ako sadzudzulidwa. Ndi amene anakakufunsira mbeta." Inde anandifunsira. Ndiye mwana wanga atsamwe chifukwa cha zimenezo?

Lachitatu, 12 Juni

Viniga m'mbale, makala osayatsa pansi pa mipando. Levison wotsuka magalimoto pa msika wa Katete akuti ndizo zimayamwa fungo. Tsopano mukununkha fodya ndi viniga pamodzi.

Lachinayi, 13 Juni

Hellen pafoni: "Galimoto ili bwino?" Ndati ili bwino. Bodza lenileni.

Levison wagogoda denga la m'kati n'kunena kuti utsi umabisala mu nsalu imeneyo. Galimoto imene ndimaipukuta m'mawa uliwonse, imene sindilola munthu kudyeramo ngakhale mtedza! Amalume ali phee kwawo, sakudziwa n'komwe.

Lachisanu, 14 Juni

Ndaing'amba nsalu yonse ya kudenga ndi mpeni. Kwatsala chitsulo chokhachokha, konyansa. Ndakhala m'katimo nditatseka zitseko, kupuma mokoka. Palibe. Fungo lapita.

Loweruka, 15 Juni

Ndikuyala bulangete kumbuyo, ndinangoona amalume atulukira atavala jekete, akuti tipitire limodzi akamuone mwanayo. M'thumba la pachifuwa chindudu china chitasuzumira, machesi ali m'manja.

Ndinaima pachitseko. Mawu anatuluka okha.

"Malume, chinduducho chitsale. Apo ayi mutsala nacho."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, kenako anatembenukira kwa amayi, mlongo wawo. "Mwamumva mwana wanuyu?"

Amayi anadzuka pamphasa pang'onopang'ono, ine n'kumadikira kuti andikalipire. Anasuzumira m'galimoto, nayang'ana denga lachitsulo lija kwa kanthawi. Kenako anapisa dzanja m'thumba la achimwene awo, n'kutulutsa chindudu chija, n'kuchithyola pakati, n'kuchiponya kudzala.

"Ndamumva," anatero amayi. "Kwerani, achimwene. Mdzukulu wanga akudikira."