Mwala Womwe Ndinachotsa M'thanki

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana onse. Bondo lija lasiya kukuvutani? Kuno tili bwino, kupatula chimfine chomwe chikuzungulira m'kalasi mwanga ngati nacho chinalembetsa sukulu.

Ndalemba kuti ndikupempheni chinthu chimodzi: musabwere kudzawatenga Bambo kumapeto kwa mwezi uno. Ndikudziwa, ndine ndemwe ndinalemba kuti bwerani muwatenge, kuno sakusangalala. Musapse mtima msanga. Imvani kaye nkhani yonse, mundikalipire pomaliza.

Mukuikumbukira thanki yagalasi ya alamu anu ija, ili pabalaza? Ya nsomba za m'madzi amchere, zosadyedwa, zongoyang'ana ndi maso. Loweruka lililonse amasungunula mchere m'ndowa, kuyeza ndi kachipangizo kake, kenako n'kusintha madzi. Munthu woti mchere wa mu ndiwo umamukanika, koma wa m'thanki salakwitsa olo pang'ono.

Sabata yomwe Bambo anafika, alamu anu anabweretsa kansomba katsopano m'kathumba kapulasitiki. Kutalika ngati chala changa, kutsogolo ka mtundu wa pepo, kumchira kachikasu, kokongola zedi. Atangokathira m'thanki, kanathamangira m'phanga la mwala wina, basi kwatha. Sabata yoyamba osaoneka. Yachiwiri timangoona kamchira.

Bambo nawonso chimodzimodzi. Analowa m'chipinda chakumapeto chija ndi sutikesi yawo, wailesi, ndi ketulo ya malemu Amayi, n'kutseka chitseko. Tiyi amadzipangira momwemo. Ukagogoda, yankho limodzi lomwelo: ali bwino, tisavutike.

Inu mukundidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikuphunzitsa, mwana wamanyazi ndimamuchotsa kukona n'kumukhazika kutsogolo kwenikweni, pamphuno panga. Zimatheka ndithu. Ndiye ndinati ana makumi asanu sandikanika, nanga kansomba? Alamu anu atapita kukaika mawaya a magetsi kutali kwa masiku anayi, ndinapinda malaya, kupisa mkono m'madzi, n'kutulutsa mwala waphanga uja. Ndinati tione tsopano kabisala kuti.

Achemwali, zochititsa manyazi zenizeni ndi izi. Tsiku lomwelo, Bambo ali kosamba, ndinalowa m'chipinda mwawo n'kutenga ketulo ndi wailesi kupita nazo kukhitchini. Atabwera ndinawauza kuti soketi ya m'chipindamo yawonongeka. Bodza la masanasana, m'nyumba ya munthu wokonza zamagetsi! Ndimati akafuna tiyi atuluka, akhala nafe, ayamba kucheza. Bambo anangondiyang'ana n'kunena kuti chabwino.

Sanatuluke. Tiyi anangosiya kumwa. Kansomba nako kanakadzipanikiza kuseri kwa pampu ya m'thankimo, kanatuwa, chakudya chikadutsa pakamwa osachiyang'ana n'komwe. Ndi sabata imeneyo yomwe ndinakulemberani kalata ija, mtima uli m'mwamba, ndikuti Bambo sakutifuna.

Alamu anu atabwerako anapeza mwala wawo uli m'beseni kuseri kwa chitseko. Anagwira m'mutu. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ananditengera kwa mayi amene anatigulitsa kansombako kuti ndikadzimvere ndekha.

Mayiyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati nsomba yatsopano imatha kubisala masabata angapo, ikuphunzira madzi, nthawi yomwe getsi limayaka, ndi anzake omwe amaluma. Anati nsomba imatuluka ikadziwa kuti ili ndi pothawira, koma ukailanda phanga imangouma pakona mpaka kufa. Anatiuza kuti tibwezere mwala, tiwonjezerenso wina, ndipo ine ndisiye kugogoda galasi ngati ndikuitana mayina m'kalasi.

Mwala ndinabwezera tsiku lomwelo. Koma ketulo ayi. Mutu wanga wouma uja sunaone n'komwe kuti nkhani yake ndi imodzi.

Lachitatu lapitali ndinaiwala mapepala a mayeso, ndiye ndinathamangira kunyumba nthawi yopuma, cha m'ma teni m'mawa. Nditatsegula chitseko, ndinapeza Bambo pabalaza, atavala jekete lawo, atakoka mpando patsogolo pa thanki. Ndipo kansomba kaja kali poyera, kakuyandama pakhomo pa phanga lake, mitundu yonse itabwerera.

Ndinafuna kukuwa. Bambo, osatembenuka, anangokweza dzanja n'kunena kuti ndisayandikire, chithunzithunzi changa chingakaopseze, ndikhale pansi pomwepo. Ine amene ndimakhazika ena, ndinakhala pansi pakhomo, chikwama pamiyendo, phee.

Anandiuza motsitsa mawu kuti kamatuluka tsiku lililonse tikangochoka, ndipo iwonso amatuluka nthawi yomweyo kudzakhala nako. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinabadwa ndikuthamanga. Kenako anati anandiona pa mng'alu wa chitseko tsiku lomwe ndinachotsa mwala. Za soketi anati asandibisire, ilibe vuto, amatchajirapo foni tsiku ndi tsiku. Achemwali, ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe.

Anati sakutida ayi. Anati zaka makumi anayi anamwa tiyi wa m'ketulo imene ija ndi Amayi, ndipo akaimva ikuwira m'chipindamo mtima umakhala pansi, ndiye amapeza mphamvu zoonana ndi anthu. Anati nyumba yathu ili ndi phokoso lake ndi nthawi zake, ndipo akuiphunzira pang'onopang'ono. Pomaliza anandifunsa ngati n'zoona zomwe anamva, zoti mukubwera kudzawatenga, iwo atangoyamba kumene kudziwa pomwe timaika masupuni.

Ndinalira ngati mwana. Ndinapepesa, ndinanyamula ketulo ndi wailesi ndi manja anga kukazibwezera pamalo pake, ndipo ndinawalonjeza kuti ndikulemberani. Kusukulu ndinafika mochedwa, mapepala aja ndinawaiwalanso.

Sindinganame kuti zonse zatheka. Alipo masiku omwe chitseko chimakhala chotseka mpaka madzulo, ndipo dzanja langa limayabwa kufuna kugogoda. Ndimalikhalira. Koma Lachisanu anatuluka okha, kapu ya tiyi m'manja, n'kukhala nafe patebulo mpaka tinamaliza kudya. Sanalankhule zambiri, anangonena kuti mchere wachepa, alamu anu, omwe anauthira, n'kuyang'ana kudenga. Pano ntchito yodyetsa nsomba masana ndi yawo, ndipo ayamba kale kuwadzudzula alamu anu kuti amathira chakudya chambiri, chimaipitsa madzi. Kansomba kaja amakatchula kuti mlendo mnzanga.

Ndiye Achemwali, ndagwira mwendo wanu. Kalata yoyamba ija ing'ambeni. Amene analakwa ndine, osati Bambo. Tikawasamutsanso pano, akayambiranso kubisala m'chipinda china, kuphunzira nyumba ina, ndipo pa msinkhu wawo sindikudziwa ngati angatulukenso. Bwerani ndithu mudzawaone, akusowani kwambiri, koma sutikesi yawo isakhudzidwe. Mukafika musagogode kawiri pachitseko chawo. Mudzangokhala pabalaza, adzatuluka okha.

Atamva kuti ndikukulemberani, Bambo anandituma mawu. Akuti mukamabwera musaiwale makapu awiri a Amayi aja anatsala kwanu, a maluwa obiriwira. Ndinawafunsa kuti awiri a chiyani. Anati imodzi izikhala m'chipinda mwawo, inayo tiipezere malo pashelefu ya kukhitchini, pamodzi ndi athu.

Malo ndapukuta kale.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana muwauze kuti agogo awo ali ndi nsomba yoti adzawaonetse, bola adzathe kukhala chete. Alamu anu akupereka moni wambiri. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino panjira, ndipo bondolo alichize.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wouma mutu uja